Mphalapala ya pa Bwinja la kwa Mtalika

Achimwene anga a Lisitoni anandilanda chithunzi, ndipo anachita zimenezi masana, pamaso pa anthu, akumwetulira.

Dzina langa ndine Jelita Gwedeza. Ndimachapa nsalu za pabedi pa loji ina imene ili pachipata cha nkhalango yosungirako nyama, kumene anthu akwathu amangoti ku gemu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, chifukwa mayi sakanatha kuphunzitsa ana awiri, ndipo anasankha wamwamuna. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, ndi buku la nyimbo za kutchalitchi ndi manyuzipepala akale amene alendo ankakulungira nsapato. Kujambula nakonso ndinadziphunzitsa. Mayi wina wachizungu amene ndinamuchapira nthawi yaitali anandisiyira kamera yake yakale ya filimu pochoka, ndipo ndinaononga mafilimu ambiri pa nkhuku ndi agalu kufikira dzanja langa linaleka kunjenjemera. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikufuna mudziwe kuti chimene ananditengera sichinali chotola.

Nkhalango imeneyo kale inali midzi. Wathu unali kwa Mtalika, m'katikati mwenimweni. Anatisamutsa ine ndikali wa kumsana, mudzi unasanduka bwinja, ndipo manda a makolo athu anatsala komweko. Mayi anatiphunzitsa tonse awiri, ine ndi achimwene, kalowedwe ka pamalo otero. Ankati pabwinja si patchire, chifukwa anasamukapo ndi amoyo okha. Ukafika pampanda wa nkhadze umagwada, n'kuwomba m'manja, n'kunena odi mokweza. Umadzitchula dzina lako ndi la mayi ako, ndipo ngati wabwera ndi munthu umamutchulanso, kuti eni mudzi adziwe kuti ndi wa yani. Wolowa m'mudzi atawerama, akupewa kumveka, ndi mbala kapena mfiti, ndipo amalandiridwa monga momwemo.

Chilimwe chilichonse a gemu amalola amayi kulowa kukamweta udzu wofolera. Chaka china ndinapatuka pagulu, kamera ili m'chitenje, ndinakafika pabwinja. Ndinachita zonse monga mayi ananenera, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango. Sipanapite nthawi, mphalapala yamphongo inatuluka m'zitsamba, yakuda ngati makala, nyanga zake zitapindikira kumsana. Inaima pamthunzi n'kundiyang'ana monga mwini nyumba amayang'anira mlendo amene wamuzindikira. Ndinajambula kamodzi, ndinathokoza, n'kubwerera ku udzu wanga.

Filimuyo anaitenga ndi achimwene kuti akatsukitse m'tauni, ndipo pobwera anati inapsa. Ndinawakhulupirira. Tsiku lotsegulira chipinda chodyera chatsopano, ndikulowa ndi nsalu za patebulo, ndinaiona mphalapala yanga pakhoma, yaikulu kuposa zenera, pansi pake patalembedwa kuti L. Gwedeza. Ndinaika nsalu pansi n'kunena, mwaulemu wonse, kuti chithunzicho ndinajambula ndine. Achimwene anaseka, natembenukira kwa alendo ndi antchito anzanga.

"Musamumvere uyu, ndi mlongo wanga. Ntchito yake ndi sopo. Mukamupatsa kamera amafunafuna poika makala."

Anthu anaseka kwambiri. Ine ndinatola nsalu zanga n'kuyala matebulo onse mpaka kumaliza.

Zinapita zaka. Achimwene ndinkawapatsa moni monga mlongo amapatsira mwini mbumba, kugwada ndinkagwada, koma mawu ena onse ndinawasunga. Iwo anakwera. Anasiya ntchito yolondera nyama ndi mfuti nakhala wotsogolera alendo ndiponso wojambula wa pa loji. Mlendo aliyense ankamuimika pansi pa mphalapala ija n'kumusimbira mmene anakwawira chamimba kuyambira m'mawa, minga ikuwalasa. Nkhaniyo inkanenepa chaka ndi chaka. Ine ndinkaimvera kuseri kwa zenera, ndikusita.

Kenaka loji inagulidwa ndi mayi Zgambo, munthu wa m'tauni wosaseka wamba. Anayang'ana zithunzi zina zonse za achimwene, anayang'ana cha mphalapala, nati akufuna china chonga chimenecho, cha pamalo omwewo, mvula isanagwe. Chikapanda kubwera, ntchito ipita kwa wina.

Achimwene anandipeza ndikuyanika, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe Jelita, ukadali wokwiya ndi zakale zija?"

"Sindikwiya ine, achimwene. Ndimangokumbukira."

"Undiperekeze kubwinja."

"Njira simukuidziwa? Si munakwawako kuyambira m'mawa?"

Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina akumva, natsitsa mawu. "Ndapitako kangapo. Mitengo ya mango ndimaiona patali, ndimalunjika pomwepo, koma ndimangozindikira ndatulukira kudambo. Mwina ndi dzuwa."

"Mwina ndi dzuwa," ndinavomera. Ndinamaliza kuyanika nsalu imene inali m'manja mwanga. "Ndikuperekezani. Koma tikabwerako mukaime m'chipinda chodyera, antchito onse alipo ndi mayi Zgambo, mukanene amene anajambula mphalapala ili pakhoma."

"Zing'onozing'ono zimenezo. Ndidzanena."

"Nenani kuti mwalonjeza."

"Ndalonjeza, mayi a khoti."

Tinalawira m'mamawa. Pachipata panali a Mbalule, mlonda wachikulire amene pakamwa pake sipapuma.

"Ha! Lero anyani awachapira mabulangete!"

"Ndikathana ndi anyani ndidzabwerera kolala yanuyo, a Mbalule. Zikuoneka kuti mayi a kunyumba anaitaya mtima."

Anaseka mpaka kutsokomola. Koma atafunsa kumene tikupita, n'kumva kuti ndi kwa Mtalika, kuseka kunatha. Anati titenge wa mfuti. Achimwene anakana, nati anagwira mfuti m'nkhalango imeneyo a Mbalule asanaphunzire kumanga nsapato, ndipo anthu atatu ndi phokoso. Mlondayo anatsegula chipata pang'onopang'ono. Ndikudutsa, anandinong'oneza kuti, "Mukafika mukatipatsireko moni." Achimwene anali atapita kale patsogolo.

Sindibisa, m'mawa umenewo unali wokongola. Mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba, ndipo maso ankaona patali. Ndinali ndi kamera yanga yaing'ono, yosafuna filimu, imene ndinagula kwa dalaivala wina. Tinapeza njiri zikudya zitagwada, michira ili pansi, ndipo ndinazijambula mpaka imodzi inandiona n'kuimika mchira, zonse n'kuthawa motsogozana. Tinaona anang'omba akuyenda pang'onopang'ono ngati akuluakulu a mpingo opita kumaliro. Pamlambe wina panali zipsera zatsopano pamene njovu inasenda khungwa, madzi akutsikabe. Achimwene ankayenda mwaluso, zimenezo ndiwapatsa. Anali ndi kathumba ka phulusa m'thumba la malaya, ndipo kawirikawiri ankakagwedeza kuti aone kumene mphepo ikulowera. Wojambula nyama amayenda mphepo ikumuwomba kumaso, saponda tsamba louma, satsokomola, ndipo salankhula. Zimenezi zinali m'magazi mwawo.

Choyamba chimene sindinachikonde chinali nswala. Tinazipeza gulu lalikulu pafupi ndi khwawa louma, ndipo zonse zinadzutsa mitu nthawi imodzi. Ndinakweza kamera, ndipo ndili m'kati moyang'ana ndinaona kuti sizikuyang'ana ife. Maso ake onse anali kumbuyo kwathu, panjira imene tinadzera, ndipo mitu yake inkatembenuka pang'onopang'ono ngati ikutsatira munthu woyenda. Ndinacheuka. Kunali tsanya ndi fumbi basi.

"Zanunkhiza fisi," anatero achimwene. Koma nswala zikanunkhiza fisi zimafwenthera n'kuthawa. Izi zinangoweramanso n'kuyamba kudya.

Tikuwoloka khwawa lija ndinaona mapazi mumchenga. Anali a munthu wosavala nsapato, aang'ono ngati a munthu wamkazi, akulowera kumene ife tinkapita. Anali atsopano, m'mbali mwake mchenga ukugumukabe. Achimwene anati ndi opha nyama mozemba. Sindinawakumbutse kuti anthu amenewo sayenda opanda nsapato m'dziko la minga, chifukwa ankadziwa kuposa ine. Anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali, kenaka anawafufuta ndi nsapato yawo.

Dzuwa litakwera tinapuma pansi pa bwemba. Pamenepo anazindikira kuti chivindikiro cha galasi la kamera yawo palibe. Anapisa m'matumba onse, anakhuthula chikwama, anati ndachitenga ndine.

"Ine sinditenga za eni, achimwene."

Anamva chimene ndinanena. Anamwa madzi, napukuta pakamwa, nandiyang'ana ndi diso lija la m'chipinda chodyera.

"Za lonjezo zija, Jelita, tiziganize bwino. Ine ndili ndi ana kusukulu. Ndikaima pamaso pa mayi uja n'kunena kuti zaka zonsezi ndinkanama, ndidya chiyani? Iwe dzina ukufuna ulitani? Uliyanike?"

"Munalonjeza."

"Ndinalonjeza wochapa kuti anditsogolere. Tafika kale, mango ndi awo. Ndidzakugulira chitenje."

Ndikanatha kubwerera pomwepo. Sindinabwerere, chifukwa ine ndikanena kuti ndiperekeza munthu ndimamuperekeza. Ndinaimirira, ndinakonza duku langa, n'kutsogola.

Chivindikiro chija tinachipeza kutsogolo. Chinali pamwala wosalala pakati pa njira, pamalo pamene tinali tisanapondepo, chitaikidwa bwinobwino, chopanda fumbi. Achimwene anachitola. Sanachibwezere pagalasi, anangochiponya m'thumba.

Kuyambira pamenepo zinthu zinkabwera chimodzichimodzi. Nyenje, zimene zinkalira kuyambira m'mawa mpaka makutu kuwawa, zinaleka zonse pamodzi ngati wina watseka chitseko. Mphepo inaima. Achimwene anagwedeza kathumba kawo, ndipo phulusa linangogwera pamapazi awo. Ndinamva fungo la utsi wa nkhuni, wosakanikirana ndi la mtedza wokazinga, koma kumwamba kunalibe utsi uliwonse. Patali, kutsogolo kwathu, tambala analira. M'nkhalango imeneyo mulibe nkhuku chichokere ife. Tambalayo atatha, ndinamva mtondo. Unali wa anthu awiri osinja molandizana, gu, gu, gu, gu, mosafulumira.

"Mukumva?" ndinafunsa.

"Ndi nang'omba."

"Nang'omba amalira m'mawa."

"Ndati ndi nang'omba. Ukhale chete tsopano."

Mpanda wa nkhadze unali utakula kuposa munthu, koma polowera panali poyera ngati posesedwa. M'kati munali mitengo ya mango yobiriwira pakati pa dziko louma, milu ya dothi pamene panali nyumba, ndi mapale a mbiya ali mbwee. Ndipo pansi pa mtengo waukulu, pamthunzi womwewo, panaima mphalapala yamphongo. Mphalapala sikhala zaka zochuluka chotero, zimenezo ndikudziwa. Ndikungonena chimene ndinaona. Inali itatembenukira kwina, ikugwedeza mchira.

Achimwene anapuma mokoka. Anavula nsapato mwakachetechete, naziika pambali, nayamba kukonza kamera.

Ine ndinagwada, n'kuwomba m'manja.

"Odi, eni mudzi! Ndine Jelita, mwana wa Nangozo, mdzukulu wa kwa Mtalika. Ndabwera ndi..."

Dzanja lawo linanditseka pakamwa. Linali lonunkha thukuta ndi phulusa, ndipo anandikanikiza mpaka mlomo unadulika pa dzino.

"Wapenga? Ukufuna ithawe?" ananong'oneza m'khutu mwanga. "Ukatsegulanso pakamwa pako pano, udzandiona. Ukhale pomwepa, ukhale chete mpaka nditakuuza."

Anandisiya. Ndinapukuta magazi ndi nsonga ya chitenje.

"Achimwene, mukudziwa zimene mayi ananena."

"Mayi sankajambula nyama."

Ndinawachenjeza kamodzi kameneko. Munthu wamkulu sauzidwa kawiri chinthu chimene akuchidziwa. Ndinakhala pansi kunja kwa mpanda, miyendo yotambasula, manja pamiyendo, ndipo ndinawaona akulowa m'mudzi wa makolo awo atawerama, opanda nsapato, akuponda ndi zala, akubisala kuseri kwa milu ya nyumba.

Mtondo unaleka.

Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Dzuwa linali paliwombo, koma kuwala kwake kunachepa ngati tsiku la chiperoni, ndipo thukuta linandizizira pamsana. Kenaka udzu wa kumbuyo kwanga unaphwanyika, monga umachitira munthu akamakhala pansi. Ndinamva mpweya wa munthu wotopa ndi ntchito, ndi fungo la gaga ndi utsi. Sindinacheuke. Pafumbi, pambali pa chithunzithunzi changa, panali china.

"Mwafika, a Jelita."

Anali mawu a mayi wina, wamba, osaopsa konse, ngati a woyandikana naye nyumba amene wabwera kudzapempha moto.

Ndinawomba m'manja pang'ono, osatulutsa mawu.

"Nangozo ali bwanji? Aa, iyayi, ali konkuno, ndaiwala." Anaseka pang'ono. Kenaka ndinadziwa kuti akuyang'ana kumene ine ndinkayang'ana. "Nanga awo akukwawa kuseri kwa nkhokwe ya malume anuwo ndani? Ana akuopa. Ndi anu?"

Pamene panali achimwene panalibe nkhokwe. Panali mulu wa dothi ndi chitsa.

Mundimvetse bwino pamenepa. Lilime langa silinamangidwe. Dzina lawo linali pakamwa panga, lonse, ndi la mayi athu. Ndinayang'ana msana wawo, malaya atanyowa, chigongono chili m'fumbi. Ndinati mumtima mwanga, acheuke. Angocheuka n'kundiyang'ana monga munthu amayang'anira mlongo wake, ndiwatchula. Ndinadikira. Iwo anasuntha bondo, nakweza kamera, nakwawiranso patsogolo.

"A Jelita, ndafunsa. Mwabwera nawo?"

Mlomo wanga unali ukutuluka magazi. Mwini mbumba anali atandilamula kuti ndikhale chete mpaka atandiuza, ndipo anali asanandiuze.

Mayi uja anadikira nthawi yaitali. Anali woleza mtima, zimenezo ndimuchitira umboni. Pomaliza anapuma mozama.

"Ndiye kuti ndi wopanda mwini."

Udzu unaphwanyikanso, ndipo chithunzithunzi chija chinachoka pafumbi. Sindinamve mapazi. Ndinangoona mphalapala ikutembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana pamene achimwene anabisala. Kamera yawo inalira, inaliranso, kenaka inayamba kulira mofulumira ngati mano a munthu wa malungo. Mphalapala inayenda kulowera kuseri kwa mtengo waukulu, kumene kuli manda, ndipo achimwene anaimirira n'kuitsatira. Sankayendanso ngati wojambula. Ankayenda ngati munthu amene ena amugwira mikono uku ndi uku, mapazi akukokeka pang'ono. Mtengo unawabisa.

Nyenje zinayambanso zonse pamodzi, ndipo dzuwa linabwerera ndi ukali wake.

Ndinakhala pomwepo mpaka mthunzi wa nkhadze unandifika. Palibe anatuluka. Ndinawombanso m'manja, ndinapempha kulowa, n'kulowa. Pansi pa mtengo waukulu panali mphero yakale, ndipo pamwamba pake panali kamera yawo, lamba wake atakulungidwa bwino, chipewa chawo chili pambali, monga timaikira katundu wa mlendo amene akhalitsa. Kuseri kwa mtengo kunali manda ndi masamba ouma, osapondedwa. Mapazi awo anathera pamuzu. A mphalapala sindinawaone n'komwe.

Ndinatenga kamera ndi chipewa, ndinatenga nsapato zawo polowera pa mpanda, n'kuyamba ulendo wobwerera ndekha.

Njira imeneyo sindidzaiiwala. Nyama zinali paliponse, kuposa m'mawa, ndipo palibe imene inandithawa. Mbawala inaima pambali pa njira n'kundilola kudutsa pafupi moti ndikanaikhudza. Anyani anakhala pamiyala ali duu, ana awo ali pamimba, osakuwa. Ngoma ziwiri za nyanga zopotana zinandiperekeza chapatali mpaka pakhwawa. Kuwala kunali kofiira, kofewa, kumene wojambula aliyense amakupempherera. Kamera yanga inali pakhosi, ndipo sindinaikweze. Nsapato za achimwene zinkagundana m'dzanja langa, ndipo kangapo konse ndinaima poganiza kuti ndi mapazi a munthu wonditsatira. Ndinafika pachipata kuli chisisira.

A Mbalule anayang'ana nsapato, anayang'ana mlomo wanga.

"Ali kuti?"

"Atsala."

"Munawatchula?"

"Anandiletsa kulankhula."

Anavula chipewa chawo.

A gemu anafunafuna ndi mfuti ndi agalu. Ndinawatsogolera mpaka pabwinja, ndipo aliyense wa iwo anagwada pampanda, ngakhale amene amati sakhulupirira zotere. Agalu anakana kulowa. Apolisi anandifunsa mafunso ambiri, ndipo ndinayankha onse monga ndakuuzirani. Akazi awo a achimwene anandilozera chala pamsika. Anzanga a kochapira anayamba kudyera kwina. Ndinkachapa ndekha, ndinkayanika ndekha, ndipo madzulo ndinkakhala pakhonde langa kuyang'ana waya wa gemu mpaka mdima.

Mwezi usanathe, a Mbalule anawapeza achimwene m'mawa atakhala m'kati mwa chipata, atatsamira mzati, miyendo yotambasula. Analibe bala lililonse, ngakhale kumapazi. Sanaonde. Zovala zawo zinkanunkha utsi wa m'nyumba ya udzu. Mutu wawo unali utametedwa mpala, bwinobwino, ndi lumo, monga timametera anthu maliro akatha.

Kuchipatala anati palibe chimene chavulala. Amamva, amadya, amasamba okha, amazindikira anthu. Koma chibwerereni sanatulutse mawu ngakhale amodzi, ndipo akamayenda mapazi awo samveka, ngakhale pamasamba ouma. Akazi awo anapirira mpaka mvula yoyamba, kenaka anatenga ana n'kupita kwawo, nati sangagone m'nyumba imodzi ndi munthu amene umangozindikira waima kumbuyo kwako. Ndinawatenga ine. Mlongo sataya mlongo wake. Ndimawaphikira, ndimawachapira, ndipo madzulo timakhala pakhonde awiri, osalankhula.

Zithunzi za m'kamera yawo ndinaziona ndekha. Zambiri ndi mtengo wa mango ndi mthunzi wake, wopanda nyama iliyonse. Chomaliza si cha mtengo. Ndi cha mpanda wa nkhadze, chojambulidwa kuchokera m'kati, ndipo polowera pakuoneka ine, nditakhala, manja pamiyendo, pakamwa nditatseka. Ndiye kuti anacheuka. Sindidziwa kuti anacheuka nthawi iti, kaya funso lisanabwere, kaya litadutsa. Za chimene chikuoneka kumbuyo kwa phewa langa sindinena. Kamerayo ili m'sutikesi, pansi pa zovala za mayi.

Amayi a kumpingo amabwera kudzandilangiza. Amati nthawi ya udzu ikafika ndipite kubwinja, ndikagwade, ndikawatchule achimwene, mwina eni mudzi angabweze chimene anasunga. Ndimawathokoza chifukwa cha malangizo awo, ndimawapatsa madzi akumwa, ndipo ndimawaperekeza mpaka kumsewu.

Mayi Zgambo sanawachotse achimwene ntchito mwankhanza. Anawalola kumabwera kudzakhala pa loji, kumapukuta magalasi a zithunzi. Tsiku lina antchito tonse tinaitanidwa m'chipinda chodyera kukamva za alendo a Khirisimasi. Msonkhano uli m'kati, ophika anayamba kugwirana zigongono. Achimwene anali ataima pansi pa mphalapala, ndipo palibe anawamva akulowa. Anakweza manja, natsitsa chithunzicho, nachigoneka patebulo. Anachotsa kapepala ka dzina, nakatembenuza, natambasulira mayi Zgambo dzanja. Mayiwo anawapatsa cholembera.

Sindinawapemphe, ndipo sindinasunthe pamene ndinaima. Analemba pang'onopang'ono, anthu onse akuona, nabwezera chithunzicho pakhoma. Pansi pa mphalapala palembedwa Jelita Gwedeza, zilembo zonse, ndi dzanja lawo.